Si simenti imene imagwira mlatho wamiyala

Amisiri athu ambiri omanga nyumba kuno ku Johannesburg, akaona chithunzi cha mlatho wakale wamiyala, amati anthu akalewo anali ndi simenti yolimba kuposa yathuyi. Ena amafika ponena kuti ankathiramo mankhwala. Ayi ndithu, nkhani yagona pa kakhotedwe ka mlathowo.

Taonani Pont du Gard ku France, pa mtsinje wa Gardon. Aroma anaumanga zaka pafupifupi 2,000 zapitazo kuti uwolotse madzi opita mumzinda wa Nîmes. Msinkhu wake ndi mamita pafupifupi 49. Inde Aromawo anali nayo konkire yawo, koma miyala ikuluikulu ya m'munsi, ina yolemera matani 6, anangoisanja popanda matope alionse.

Mwala uliwonse wa pamalo okhota ngati uta a mlathowo ankausema motambalala kumtunda, mochepera kumunsi. Ankayamba akhoma matabwa mokhota ngati uta, n'kusanja miyala pamwamba pake kuchokera mbali zonse ziwiri mpaka kukumana pakati. Akachotsa matabwawo, mwala uliwonse umafuna kugwa koma anzake aupana, ndiye kulemera konse kumatsikira m'mbali mpaka kumizati ndi kumagombe. Mwala umapirira kupanikizidwa, chimene sufuna n'kukokedwa. Konkire nayonso ndi chimodzimodzi, n'chifukwa chake timaiika zitsulo.

Pakhoma la mlathowu padakali miyala yotulukira kunja imene inkachirikiza matabwa a amisiri. Mdani wamkulu wa milatho yotere ndi madzi osefukira amene amakumba pansi pa mizati. Mzati ukangosuntha pang'ono, miyala ija imamasuka.