Mawu akasasa mwezi wathunthu, chimenecho si chimfine

Chimfine sichitha miyezi itatu chili pakhosi. Ndatopa nako kunena zimenezi, koma ndibwerezabe, chifukwa sipapita nthawi ndisanakumane ndi munthu wa mawu osasa amene wakhala akudziuza, kapena kuuzidwa, kuti ndi chimfine chokanika. Wina amati anakuwa kwambiri, wina amati ndi fumbi, wina amati ndi ukalamba basi. Chimfine chikatsikira m'kholingo mawu amasasadi, koma pakatha mlungu umodzi kapena iwiri amabwerera okha m'chimake. Akafika milungu inayi asanabwerere, kholingolo liyenera kuonedwa ndi maso. Kumvetsera pachifuwa sikukwanira. Kuyasamula kuti akuunikeni ndi tochi sikukwaniranso, chifukwa tochi siifika kumene mawu amachokera.

Milungu inayiyi sindinaipeke ine. Bungwe la madokotala a makutu, mphuno ndi mmero la ku America, mu malangizo ake a 2009, linkalola kudikira mpaka miyezi itatu munthu asanaunikidwe m'kholingo. Mu 2018, atapendanso zotsatira za kafukufuku, anafupikitsa nthawiyo kufika pa milungu inayi. Malangizo omwewo amakaniza kupereka maantibayotiki mwachizolowezi kwa munthu amene vuto lake ndi kusasa mawu. Nanga n'chifukwa chiyani odwala amafika kwa ine atamwa amoxicillin kawiri katatu, wina atamalizanso mtundu wachiwiri ndi wachitatu, koma palibe amene anawayang'anako m'kholingo?

Kuunikako si nkhani yaikulu ayi. Timapopera mankhwala ochititsa dzanzi m'mphuno, n'kulowetsa kachubu kofewa, kopyapyala, kokhala ndi kamera kumapeto. Munthu amakhala pampando ali maso, timamuuza kuti anene "iii", ndipo timinofu tiwiri totulutsa mawu timaoneka poyera tikutseka ndi kutseguka. Mphindi zochepa zatha. Kumene kulibe kamera, kagalasi kakang'ono ka chogwirira chachitali kamagwirabe ntchito. Mphunzitsi wa kuimba Manuel García anadzionera yekha kholingo lake ndi kagalasi kotere mu 1854, ndiye tisanamizane kuti ndi luso lachilendo limene labwera dzulo.

Ndinene mosabisa: ambiri mwa anthu osasa mawu alibe khansa. Aphunzitsi, oimba ndi alaliki amatuluka timatuza tolimba pa timinofu tija chifukwa chogwiritsa ntchito mawu mopyola. Ena ndi asidi wa m'mimba amene amakwera usiku. Ena ndi TB ya m'kholingo, ena mtsempha woyendetsa kamnofu kamodzi unafooka. Zonsezi zili ndi chithandizo chake chake, ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene chimadziwika pongomvetsera mawu. Khansa nayo imamveka chimodzimodzi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti khansa ya pa timinofu ta mawu ndi imodzi mwa khansa zochepa zimene zimadziulula msanga. Kachotupa kochepa ngati kanjere ka mpunga kakamera pamenepo, timinofu sititsekananso bwino, mawu amasintha nthawi yomweyo. Komanso pamalopo pali tinjira tochepa kwambiri totengera khansa kupita ku mianabere ya m'khosi, choncho imachedwa kufalikira. Ikapezeka pa siteji yoyamba, odwala pafupifupi 9 mwa 10 alionse amachira ndi radiotherapy yokha, yomwe ambiri amati kuwotcha khansa, kapena ndi opaleshoni yaing'ono ya laser yodzera m'kamwa, khosi losang'ambidwa n'komwe. Munthu amabwerera kuntchito ndi mawu ake.

Akachedwa, nkhani imasintha. Dokotala wa opaleshoni Theodor Billroth anachotsa kholingo lonse la wodwala khansa koyamba mu 1873 ku Vienna, ndipo kwa zaka zoposa 100 imeneyo ndiyo inali njira yodalirika pa khansa yomwe yakula. Mu 1991 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inafalitsa kafukufuku wa m'zipatala za asilikali opuma ku America. Odwala 332 anagawidwa mwamaere m'magulu awiri. Gulu lina linachotsedwa kholingo kenako n'kulandira radiotherapy, lina linayamba ndi mankhwala a khansa otchedwa cisplatin ndi fluorouracil kenako radiotherapy. Patatha zaka ziwiri, amoyo anali 68 pa 100 alionse m'magulu onse awiri, koma m'gulu la mankhwala 64 pa 100 alionse anali akadali ndi kholingo lawo. Kafukufuku wotsatira, wofalitsidwa mu 2003, anaonetsa kuti cisplatin akaperekedwa nthawi imodzi ndi radiotherapy, opulumutsa kholingo pa zaka ziwiri amafika 88 pa 100 alionse. Njirayi ndi yowawa, siyamasewera: m'kamwa mumauma, kumeza kumavuta kwa miyezi, ena mpaka kalekale. Komabe munthu amayankhula.

Tsono pali mbali ya kafukufukuyu imene anthu saimva. Mu kafukufuku wa 1991 uja, m'gulu la mankhwala lija, mwa amene khansa yawo inali itafika pa msinkhu womaliza m'kholingomo, oposa theka anadzachotsedwabe kholingo. Mu wa 2003, amene chotupa chawo chinali chitaboola kale chichereŵechereŵe cha kholingo sanalowetsedwemo n'komwe. Manambala okomawo ndi a anthu amene anafika kholingo likadali lopulumutsika.

Pali bambo wina amene sandichoka m'mutu. Anali mphunzitsi, wa zaka za m'ma 50, wosuta fodya kuyambira ali mnyamata. Anabwera naye usiku akupuma movutikira, phokoso lokoka mpweya likumveka munthu uli pakhomo, thukuta lili kamukamu, sakanatha kugona chagada. Tinamuboola pakhosi usiku womwewo kuti apume. M'mawa mkazi wake ananditulutsira mapepala a kuchipatala m'kachikwama, atawapinda bwinobwino motsatana masiku. Pa pepala loyamba, lolembedwa pafupifupi chaka chathunthu m'mbuyomo, panali mawu akuti mawu osasa, wosuta fodya, ndipo pansi pake maantibayotiki. Pa lachiwiri chimodzimodzi. Pa lachitatu anawonjezera mankhwala a chifuwa. Bamboyo sanakhale pakhomo manja lende, anapita kukafuna thandizo, ndipo ulendo uliwonse anabwerako ndi mapiritsi.

Kenako mayiyo anatulutsa mabotolo. Mapiritsi atakanika, anapeza munthu pa intaneti wogulitsa mankhwala amene ankati amasungunula chotupa chilichonse. Wogulitsayo ndiye anawauza kuti asalole madokotala kudula kanyama kokapima, ati mpeni ukangokhudza khansa imabalalika thupi lonse. Pamene dokotala wina pomaliza anawauza kuti apite akaunikidwe m'kholingo, iwo anaopa, n'kupitiriza mabotolo miyezi inanso. Bodza limeneli lapha anthu ambiri, ndipo ndikalimva magazi anga amawira. Kanyama kopima n'kamene kamatiuza ngati ndi khansa, TB kapena china, ndipo popanda iko palibe dokotala woona amene angayambe chithandizo. Chimene chimabalalitsa khansa ndi miyezi imene munthu akumwa zamadzimadzi zosadziwika pamene chotupa chikudya chichereŵechereŵe. Wogulitsa amene sanaonepo kholingo lanu, amene mankhwala ake amodzi omwewo akuti amachiza shuga, khansa ndi kusabereka, akufuna ndalama zanu basi. Mankhwala enieni a khansa amayesedwa pa odwala mazanamazana ovomera okha, n'kuyerekezedwa ndi njira ina, zotsatira zake n'kulembedwa poyera pamodzi ndi zoipa zake. Mufunseni wa mabotoloyo kuti ake anayesedwa pa anthu angati, ndipo angati anamwalira.

Bambo uja tinamuchotsa kholingo lonse. Tsopano amapumira pa bowo la pakhosi limene amaliphimba ndi kansalu, fungo la zinthu salimva bwino, posamba amasamala kuti madzi asalowemo. Atatsitsimuka anapempha kope, n'kulemba ndi zilembo zooneka bwino za mphunzitsi kuti, "Adokotala, ndidzaphunzitsanso?" Zilipo njira zoyankhulira popanda kholingo, kavalavu koikidwa pakati pa njira ya mpweya ndi ya chakudya, kamakina kogunditsa pakhosi, kapena kuphunzira kutulutsa mawu ndi mpweya wa kummero. Ndinamufotokozera zonsezi, ndipo ndi zoona zimathandiza. Koma ndinkadziwa kuti tsiku la pepala loyamba lija, mphindi zisanu za kagalasi zikanatha kumusiyira mawu ake enieni.

Anzanga ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono, ndikupempheni: wosuta fodya akabwera kachiwiri ndi mawu osasa, musalembenso mapiritsi. Mutumizeni akaunikidwe. Inunso odwala muli ndi ufulu wofunsa kuti, "Kodi m'kholingo mwangamu mwaonamo?" Funsolo si chipongwe.

Za fodya ndi mowa sindichulutsa, mukuzidziwa. Chimene mwina simunamve n'chakuti ziwirizi zikakumana ngozi yake siingowonjezekera, imachulukana. Osasuta nawonso asadzitonthoze: kachilombo ka HPV, komwe kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kamayambitsanso khansa ya kummero ndi ya kutsinde kwa lilime, ndipo nthawi zambiri chizindikiro choyamba chimakhala chotupa cholimba, chosapweteka, m'mbali mwa khosi. Kusapwetekako n'kumene kumapusitsa anthu. Munthu wamkulu chotupa chotere chikatha milungu iwiri kapena itatu osaphwa, chiyenera kupimidwa, ndipo poyamba timagwiritsa ntchito kasingano kopyapyala kokokera timaselo. Asakung'ambeni munthu wosadziwa kuti achifinye ngati chithupsa.

Ndipo pali nthawi imene ngakhale milungu inayi ija simuyenera kuidikira. Mawu osasa akabwera limodzi ndi kupuma kwa phokoso, magazi m'makhololo, kuwawa pomeza, kuonda kosadziwika chifukwa chake, chotupa m'khosi, kapena khutu limodzi lopweteka mosalekeza pamene m'khutumo mulibe vuto, pitani mlungu womwewo. Khutulo limawawa chifukwa mtsempha wa kummero ndi wa kukhutu n'ngolumikizana, ndipo ndaonapo anthu akudontheza mankhwala m'khutu miyezi yambiri pamene chotupa chili pansi, m'kholingo. Ngati kupuma kwayamba kuvuta, musadikire n'komwe kuti kuche.