Tsiku limene magazi anakhetsedwa ku Canterbury

Pa 29 Disembala chaka chilichonse Akatolika ndi Aangilikani amakumbukira Thomas Becket, bishopu wamkulu wa Canterbury, amene anaphedwa m'tchalitchi mwake mu 1170. Tsikuli likafika, mkangano wakale umadzukanso: kodi Mfumu Henry II ya England inalamuladi kuti aphedwe?

Awiriwa anali pachibwenzi cha ponda apa nane mpondepo. Henry anamupatsa udindo waukulu m'boma mu 1155, ndipo mu 1162 anamukweza kukhala bishopu wamkulu poganiza kuti mpingo aziuyendetsa kudzera mwa mnzakeyo. Sizinatero. Anasemphana pa nkhani yoti wansembe wopalamula aziweruzidwa ndi bwalo la mfumu kapena la mpingo, ndipo mu 1164 Becket anathawira ku France komwe anakhala zaka 6.

Kwa ine, pamene zinthu zinafika poipa ndi pa 14 Juni 1170. Henry anafuna kulonga ufumu mwana wake iye akadali moyo. Mwa mwambo, woveka mfumu chisoti anali wa ku Canterbury yekha, koma ntchitoyi anaigwira Roger, bishopu wamkulu wa York, mothandizidwa ndi Gilbert Foliot wa London ndi Jocelin wa Salisbury. Atayanjana ndi mfumu ku Fréteval mu Julayi, Becket anabwerera kwawo mu Disembala, atatsogoza makalata a Papa Alexander III oimitsa Roger pa udindo ndi kuchotsa awiri enawo mumpingo. Atatuwo anawoloka nyanja kukamunenera kwa mfumu ku Normandy, ku France.

Mawu enieni amene Henry analankhula atakwiya sanasungidwe mofanana. Edward Grim, mmodzi wa olemba mbiri ya Becket amene analipo pa kuphedwa kwake, analemba kuti mfumu inadzudzula anthu ake kuti ndi aulesi osayamika, olekerera mbuye wawo kunyozedwa ndi wansembe wobadwira kwa anthu wamba. Koma Grim ku Normandy kunalibe, anachita kumva. Tisaiwalenso kuti ambiri amene analemba mbiriyi anali anthu a Becket.

Za m'tchalitchi, Grim ndimamukhulupirira, chifukwa lupanga linamutema mkono akutchinjiriza bishopuyo. Asilikali anayi a mfumu, Reginald FitzUrse, William de Tracy, Hugh de Morville ndi Richard le Breton, anafika nthawi ya mapemphero a madzulo. Amonke anafuna kutseka zitseko, Becket anawaletsa. Mpata wobisala unalipo, sanabisale. Anamuuza kuti amasule mabishopu aja, anakana. Anamutema m'mutu mpaka lupanga limodzi linathyokera pansi pamiyala.

Papa anamutcha Becket woyera mu 1173. Mu Julayi 1174 Henry analowa mu Canterbury wopanda nsapato, nalola amonke kumukwapula pamanda a mnzake wakaleyo. Kachisi wa Becket ku Canterbury anagwetsedwa mu 1538, molamulidwa ndi Mfumu Henry VIII.