Tauni ya Harare sanaiyeze ndi ife m'maganizo

Aliyense amene anayendapo pagalimoto mu Julius Nyerere Way amadziwa kuti misewu ya mbali ziwirizo sikumana bwino. Ina imabwera mopendekera, ina molunjika, ngati anajambula ndi anthu awiri osayankhulana. Ndipo zinalidi choncho. Azungu atsamunda a gulu la Pioneer Column atafika mu September 1890, ena anakhazikika m'munsi mwa kaphiri ka Kopje n'kutsegula masitolo, pamene a boma anamanga maofesi awo chakum'mawa, ku Causeway. Pakati pawo panali dambo. Atalikhetsa madzi, anaikapo msewu wa Kingsway, womwe lero ndi Julius Nyerere. Mvula ikagwa yambiri n'kuona madzi atadzaza mumsewumo, musadabwe, dambo limakumbukira kwawo.

Mapaki anabwera msanga, mwina msanga kuposa zinthu zina zofunika. Pamalo pamene anakwezera mbendera yawo anapasandutsa Cecil Square, timisewu ta m'kati mwake n'kutiyala motsatira mizere ya mbendera ya Britain. Dzina linasintha kukhala Africa Unity Square koma timisewuto sanatifafanize, ndipo amayi ogulitsa maluwa moyang'anana ndi Meikles Hotel, imene inatsegulidwa mu 1915, amakhala m'mphepete mwa mbendera ya mfumukazi tsiku lililonse osaiganizirako n'komwe. Chakumpoto kuli Harare Gardens, paki yaikulu ya pakati pa tauni. Kapinga, mabenchi, mithunzi ya jacaranda, zonse zinalipo. Koma munthu wakuda kwa zaka zambiri sankaloledwa ngakhale kuyenda pakhonde la m'mbali mwa msewu. Malo ake anali Harari, Mbare ya lero, yomwe inakhazikitsidwa mu 1907 kunja kwa tauni.

Ife a Chichewa nkhaniyi timailowera pa njanji. Njanji yochokera ku Beira inafika ku Salisbury, dzina lakale la Harare, mu 1899, ndipo mu 1902 inalumikizana ndi ya ku Bulawayo. Azigogo athu ochokera ku Nyasaland, amene kumudzi anayamba kuwatchula kuti matchona, ena anabwera wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere, ndipo ambiri anakathera ku ntchito ya njanji. Komboni ya Rugare inamangidwira ogwira ntchito ya njanji, pafupi ndi Lochinvar pamene amasanjira mabogi. N'chifukwa chake mpaka lero kumbali imeneyo, ku Mufakose ndi ku Mbare, ng'oma za gule wamkulu zimamveka, ndipo anansi athu Achishona amationabe ngati "mabhurandaya", anthu a ku Blantyre, ngakhale amene kwawo ndi ku Dedza.

Agogo anga aamuna ankapala phulusa pansi pa injini zamalasha za mtundu wa Garratt. Ndimakumbukira manja awo. Anali atapuma ntchito kalekale, koma m'mizere ya zikhatho munali mdima umene sopo sankaufika. Tauniyi ankaitchula kuti Sozibele mpaka tsiku lomwalira, ngakhale dzina linasintha mu 1982. Akalowa m'tauni ankavala jekete, n'kuyenda chothamanga ngati munthu amene walowa m'munda mwa eni.

Tsono vuto la malo oimikapo magalimoto limene Harare ili nalo lero linayambira pa mayezedwe a tauniyi. Pakati pa tauni anapayezera anthu ochepa okhala chapafupi, pamene unyinji anauponyera kutali. Ufulu utabwera zipata zinatseguka, anthu n'kukhamukira m'tauni, koma misewu inatsala yomweija. Chimene chikanapulumutsa zinthu ndi sitima. Mu 1983 njanji yochokera ku Harare kupita ku Dabuka, pafupi ndi Gweru, inaikidwa magetsi, ndipo zinkaoneka ngati tsogolo lili pomwepo. Mawaya aja anabedwa n'kutha. Sitima zonyamula anthu opita kuntchito zinayesedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, zinayesedwanso mu 2021, koma sizinakhalitse. Mpata umenewo analowapo ndi makombi, kenako timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo totchedwa mushikashika, kenako aliyense amene wakwanitsa kugula kagalimoto kakale kochokera ku Japan.

Lero ukaima pa siteji ya makombi ya Copacabana kapena ya Market Square m'ma 5 koloko madzulo, umaona zotsatira zake. Nyumba zosanja zoimikamo magalimoto zilipo, monga ya mu Julius Nyerere ndi ya mu Samora Machel, koma ndi dontho m'chidebe. Mwezi watha ndinaima kuti ndigule mankhwala a amayi. Mnyamata wovala chibibu chowala anandithamangira ndi kamakina kake, ndinalipira ola limodzi, mzere wa mufamase n'kundidyera nthawi. Potuluka ndinapeza chitsulo chachikasu chaluma tayala lakutsogolo. "Pepani mdala, lamulo," anatero, maso ali kwina. Sindinamukwiyire kwambiri. Iyenso amadzuka usiku kuti apeze kombi.

Malo akachepa, maso amagwera pa kapinga. Nthawi ndi nthawi kumamveka maganizo odula chigawo cha paki kuti pamangidwe chinachake chobweretsa ndalama, ndipo anthu amakwiya. Ine ndimakhala nawo okwiyawo, ngakhale ndikudziwa kuti mabenchi ena anathyoka ndipo kukada sumadutsamo wekha. Harare Gardens ndi kumene akwati a ku Highfield amakajambulitsa zithunzi, kumene chikondwerero cha zaluso cha HIFA chinkachitikira kuyambira 1999, kumene mlonda wa usiku amakagona pang'ono masana. Tinalowamo mochedwa kwambiri kuti tiipereke kwa magalimoto.

Palinso amene amati sitima zakale zamalasha zikonzedwe kuti zizikopa alendo. Si maganizo oipa. Zimbabwe inasunga injini zamalasha nthawi yaitali kuposa mayiko ambiri, ndipo ku Bulawayo kuli nyumba yosungiramo zakale za njanji, yomwe inatsegulidwa mu 1972, mmene muli bogi imene Cecil Rhodes ankayendera. Ndinalowamo, ndinaona mipando yake ndi mbale zake. Ndinayang'anayang'ana fosholo ngati imene agogo ankagwira ndi dzina la munthu pansi pake.

Siteshoni ya Harare ikadali mu Kenneth Kaunda Avenue, ndi njerwa zake zofiira. Panja pake magalimoto ndi mabasi apanikizana mpaka pakhomo. Ukasuzumira m'kati, papulatifomu pali zii, ndipo udzu wamera pakati pa njanji.