Makina mwawaona, nanga zothira m'makinawo zichokera kuti?

Mwezi watha anthu atatu a gulu lina la chipereganyu ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, anabwera ku ofesi kwanga ndi kapepala ka kampani ina yaing'ono. Kampaniyo ikuti ipanga dizilo kuchokera ku mafuta ophikira otha ntchito, ndipo ikugulitsa masheya. Mayi msungichuma wa gululo anali atakawaona kale makinawo, akuti ndi onyezimira zedi. Ine ndinawafunsa kuti: "Amayi, mafuta otha ntchitowo azikawatenga kuti, ndipo ochuluka bwanji pa tsiku?" Onse anangoyang'anana.

Pa ntchito yanga yolangiza anthu za kasungidwe ka ndalama ndimayambira pa funso limeneli, chifukwa makampani otere kawirikawiri sagwa kaamba ka makina. Amagwa chifukwa chosowa chothira m'makinamo pa mtengo wabwino. Achikulire akukumbukira fakitale ya dizilo wochokera ku mbewu imene boma la Zimbabwe linatsegula ku Mount Hampden, kufupi ndi Harare, m'chaka cha 2007. Chiyembekezo chachikulu chinali pa msatsimanga, mtengo uja anthu a ku Mutoko amatchingira minda. Fakitale inalipo ndithu, koma nthanga zokwanira kuidyetsa sizinapezeke. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tsono yerekezani ndi ethanol, mafuta ochokera ku nzimbe, wa ku Chisumbanje. Kampani ya Green Fuel ili ndi minda ya nzimbe yothirira pafupi ndi fakitale, ndipo wogula ndi wodziwikiratu, pakuti kuyambira 2013 lamulo limati petulo azisakanizidwa ndi ethanol. Mlingo wake amalengeza ndi a ZERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndipo umafika magawo 20 pa 100. Komabe nyengo ya dzinja, mathirakitala akamalephera kulowa m'minda, mlingowo amautsitsa. Ngati kampani yaikulu chotere imagonjera mvula, kuli bwanji kakampani kodalira mafuta otsala m'malesitilanti? Kwathu ku Malawi nako fakitale ya ethanol ya ku Dwangwa yakhala ikuyenda kuyambira 1982 chifukwa inamangidwa pambali pa fakitale ya shuga, kumene imatenga zotsalira zake.

Musaganize kuti ndi vuto la kuno kokha. Ku America kampani ya KiOR inkafuna kupanga mafuta a galimoto kuchokera ku tizidutswa ta mitengo. Inalowa pa msika wa masheya wa Nasdaq mu 2011, mu 2014 n'kugwa, chifukwa fakitale yake sinkatulutsa mafuta ochuluka monga inalonjezera.

Palinso china chimene ogulitsa masheya sakonda kufotokoza. Kampani yoti sinayambe kupanga phindu imadya mpamba, ndipo mpamba ukatha imagulitsa masheya ena atsopano. Tinene kuti munali ndi masheya 10 mwa 100. Akawonjezera ena 100, gawo lanu latsika ndi theka ngakhale simunagulitse kanthu. Funsani ngati mgwirizano ukupatsani mwayi woyamba kugula atsopanowo.

Za potulukira mukafuna kugulitsa masheya anu ndinene mwachidule. Masheya a kampani imene ili pa Zimbabwe Stock Exchange kapena pa Victoria Falls Stock Exchange mutha kuwagulitsa kudzera kwa broker, munthu wogulitsira anthu masheya pa msika. A kakampani kosalembetsedwa pa msika wogula mumadzisakira nokha, mwina osam'peza. Muonetsetsenso kuti pepala lanena poyera ngati mudzabwezeredwa madola a ku America kapena ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe. Amene tinaona ndalama ya ku Zimbabwe itatheratu mphamvu mu 2008 sitifuna kuuzidwa chifukwa chake. Wokugulitsani masheyayo akhale ndi chiphaso cha Securities and Exchange Commission of Zimbabwe.

Sindikuti mabizinesi otere onse ndi oipa. Wopanga gasi wophikira kuchokera ku ndowe pa khola lake la nkhumba, kapena woumba makala ndi utuchi wa pamalo ochekera matabwa, ndimamumvera mwachidwi, chifukwa chothira chili pakhomo. A ku Mufakose aja ndinawatuma kuti akapemphe makalata a mgwirizano pakati pa kampaniyo ndi malo odyera amene azipereka mafutawo. Mpaka lero akudikirabe makalatawo, ndipo ndalama za gulu zikadali m'manja mwa msungichuma.