Dzina limene banja linakana: mbiri ya Gas Works Park ku Seattle

Mu 1972 banja la malemu mayi Myrtle Edwards linapempha akuluakulu a mzinda wa Seattle, m'chigawo cha Washington ku America, kuti achotse dzina la mayiwo pa paki yatsopano imene inali isanatsegulidwe n'komwe. Pempho lotere silimvekamveka. Mabanja ambiri amalimbira kuti dzina la m'bale wawo lilembedwe pa chikwangwani, koma awa ankafuna kuti lifufutidwe.

Malo amene ankakanganirana ndi kachidutswa ka mtunda ka maekala pafupifupi 19 kamene kanalowerera m'nyanja ya Lake Union kuchokera kumpoto. Kuyambira mu 1906 panali fakitale yopanga gasi. Ankawotcha malasha, kenako kuyambira mu 1937 mafuta, n'kutulutsa gasi woyatsira nyale, wophikira ndi wotenthetsera nyumba za mumzinda. Kwa zaka 50 anthu oyandikana nayo ankakhalira utsi, mwaye ndi fungo. Mu 1956 gasi wachilengedwe anayamba kufika ku Seattle kudzera m'mipope, fakitale ija n'kutsekedwa. Panatsala nsanja zachitsulo zochita dzimbiri, mipope yopiringizana, ndi dothi lonyowa ndi phula ndi mafuta.

Mayi Edwards analowa m'khonsolo ya mzindawu mu 1955, ndipo ankatsogolera komiti yoona za mapaki. Iwo ndi amene anakankha kwambiri kuti mzinda ugule malowo, ndipo mu 1962 mgwirizano unatheka pa mtengo wa madola 1,340,000, olipira pang'onopang'ono kwa zaka khumi. Chimene mayiwa ndi anthu ambiri a nthawiyo ankachiona m'maganizo chinali chodziwikiratu: zitsulo zonse zigwetsedwe, pabzalidwe kapinga, mitengo ndi maluwa, anthu aiwale kuti panali fakitale. Mu 1969, chaka chimene anakhala pulezidenti wa khonsolo, mayi Edwards anamwalira pa ngozi ya galimoto. Mzinda uli pachisoni, paki ija inapatsidwa dzina lawo. Palibe akanatsutsa. Ndani akanayerekeza kutsutsa ulemu wa munthu amene maliro ake anali asanazizire, yemwenso ndiye anavutikira malowo?

Vuto linali lakuti dzina linafika pakiyo isanaoneke. Panalibe pulani yovomerezeka, panalibe mtengo ngakhale umodzi wobzalidwa. Anatchula mwana dzina akadali m'mimba, ndipo mwanayo atabadwa sanafanane ndi amene ankamuyembekezera.

Ntchito yokonza pakiyo inaperekedwa kwa a Richard Haag, katswiri wokonza malo yemwenso ankaphunzitsa pa University of Washington. Bambowa anasamutsira ofesi yawo pafakitale pomwepo, n'kumayendayenda pakati pa zitsulo zija. Pulani imene anatulutsa mu 1971 inadabwitsa mzinda. Iwo anati nsanja zikuluzikulu zisagwetsedwe, chifukwa ndizo chinthu chokhacho chimene malowo ali nacho chimene mapaki ena alibe. Nyumba ya maboila ikhale malo odyerapo anthu akabwera kudzacheza. Nyumba ya makina opopa gasi ikhale bwalo la ana, makinawo apakidwe penti yowala. Dothi loipa lija lisatutidwe lonse, koma lisakanizidwe ndi utuchi ndi matope ochokera kumalo oyeretsera zonyansa za m'zimbudzi, kuti tizilombo ta m'nthaka tizidya mafutawo pang'onopang'ono. Zigumukire ndi zinyalala zina aziunjike pamodzi n'kuzikwirira ndi dothi labwino kuti pakhale kaphiri.

Lero njira zotere zafala m'mayiko ambiri, koma nthawi imeneyo ambiri ankaona ngati misala. Otsutsa ankati mzinda walipira ndalama zonsezo kuti uchotse chonyansa, nanga bwanji wina akufuna kuchisunga? A Haag anayenda m'misonkhano yambiri kufotokozera anthu, kuwaonetsa zithunzi, mpaka pulani yawo inavomerezedwa. Apa ndi pamene banja la Edwards linati ayi, dzina la mayi athu lisakhale pa mulu wa zitsulo zadzimbiri.

Ine ndimaona kuti banjali silinalakwe, ngakhale kuti pa nkhani ya kukongola kwa pakiyo nthawi inadzagwirizana ndi a Haag. Dzina la munthu likaikidwa pamalo, anthu amaliwerenga ngati siginecha, ngati kuti mwini dzinalo anavomereza zonse zili pamenepo. Mayi Edwards sanaione pulani ya 1971, ndipo sakanatha kuivomera kapena kuikana. Amene akanawalankhulira ndi abale awo basi. Mzindanso unachita bwino kusakakamira. Ukanatha kunena kuti chigamulo ndi chigamulo, dzina linaperekedwa kale. Kapena ukanatha kugwetsa nsanja zija pofuna kusangalatsa banja limodzi. Sunachite zonse ziwirizi. Unachotsa dzina, n'kusiya pulani mmene inalili.

Paki inatsegulidwa mu 1975 ndi dzina losakometsera ngakhale pang'ono, Gas Works Park, lomwe likungonena chimene chinalipo pamalopo. Chaka chotsatira, mu 1976, paki ina ya mumzinda womwewu, ya m'mphepete mwa gombe la Elliott Bay, imene inkatchedwa Elliott Bay Park, inasinthidwa kukhala Myrtle Edwards Park. Ndi yaing'ono, yosakwana maekala asanu, ya kapinga ndi njira zoyendamo wapansi ndi panjinga, moyang'anana ndi madzi ndi mapiri a Olympic. Imeneyo ndiyo inali pafupi ndi zimene mayiwa ankalakalaka.

Masiku ano Seattle ili ndi ndondomeko yolembedwa yotchulira mapaki mayina. Paki yatsopano ikamakonzedwa, dipatimenti ya mapaki imalengeza kuti anthu atumize mayina ndi zifukwa zake. Mayinawo amapita ku komiti ya anthu atatu: mmodzi wosankhidwa ndi bodi ya mapaki, wina wosankhidwa ndi wapampando wa komiti ya mapaki m'khonsolo, wachitatu wosankhidwa ndi mkulu wa dipatimenti. Komitiyo imayang'ana dera limene pakiyo ili, mbiri ndi chikhalidwe cha malowo, komanso zachilengedwe zimene zilipo. Sivoti ya anthu ayi. Dzina limene latumizidwa ndi ambiri silipambana chifukwa cha kuchuluka kokha. Komiti imangopereka maganizo, ndipo mkulu wa dipatimenti ndiye amagamula.

Mfundo imene imandigwira mtima m'ndondomekoyi ndi ya mayina a anthu. Munthu wamoyo satchulidwira paki. Womwalira naye ayenera kukhala atatha zaka zosachepera zitatu m'manda, komanso akhale woti anachitapo chachikulu. Ena amadandaula kuti lamuloli ndi louma mtima, makamaka munthu wokondedwa akafa mwadzidzidzi anthu n'kumafuna kuchitapo kanthu msanga. Koma tawerengani zaka za nkhani ya mayi Edwards: anamwalira mu 1969, banja linakana mu 1972. Zaka zitatu zomwezo zinali zokwanira kuti pulani ituluke, mkangano uchitike, ndipo aliyense aone ngati dzina ndi malo zikuyenerana.

Gas Works Park inalowa m'kaundula wa malo a mbiri wa dziko la America mu 2013, ndipo ndi yokhayo yatsala mwa mafakitale a mtundu umenewu amene kale analipo oposa 1,000 m'dzikolo. Pa kaphiri ka zigumukire kaja ana amaulutsirapo makaiti, ndipo pa 4 July, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko la America, khamu limadzaza pamenepo kuonera zophulika zokongola panyanja. Kusambira m'madzi a m'mbali mwa pakiyo n'koletsedwabe, chifukwa matope a pansi pa nyanja akadali ndi zotsalira za fakitale.