Musanagule saundi khadi ya kunja, dziwani chimene mahedifoni anu akusowa

Osewera magemu ambiri amagula saundi khadi ya kunja chifukwa pa bokosi palembedwa 7.1 (mawu omveka ngati akuchokera ku masipika okuzungulirani) kapena 384 kHz, poganiza kuti akangoilumikiza ayamba kumva mapazi a mdani ali kuseri kwa khoma. Kachipangizo kameneka n'kothandiza ndithu, koma ntchito zake n'zowerengeka. Kamachotsa phokoso la magetsi, kamapatsa mphamvu mahedifoni ovuta kuliza, kamayeretsa mawu a maiki, ndipo kamabweretsa mabatani pafupi ndi dzanja. Ngati palibe chimene chikukuvutani mwa zimenezi, ndalamayo ndi bwino ipite ku mahedifoni abwino, pakuti ndiwo amasintha kamvekedwe kuposa chipangizo china chilichonse.

Mkati mwa saundi khadi muli DAC, imene imasandutsa manambala ochokera mu gemu kukhala mafunde a magetsi. Muli ampulifaya, imene imawonjezera mphamvu ya mafundewo kuti agwedeze timasipika ta m'mahedifoni. Mulinso ADC, imene imatenga mawu a maiki n'kuwasandutsa manambala. Zonsezi zilipo kale pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta yanu, kawirikawiri mu chip ya Realtek monga ALC897 kapena ALC1220, ndipo chip yeniyeniyo nthawi zambiri imakhala yabwinobwino. Chovuta ndi malo amene yakhala. Pafupi nayo pali graphics card, chipangizo chopanga zithunzi za gemu, imene imakoka magetsi ambiri mosinthasintha, ndipo nthambo yopita ku mabowo a kutsogolo kwa kompyuta imadutsa pomwepo n'kumatola phokoso. Saundi khadi ya kunja imalandira mawu pa USB akadali manambala, n'kukawasandutsa mafunde kutali ndi chisokonezo chimenecho.

Apa pali chenjezo limene lingakupulumutsireni ndalama. Mahedifoni amene amalowa pa USB, kapena opanda nthambo okhala ndi kachipangizo kawo kolowetsa pa USB, ali ndi DAC ndi ampulifaya m'kati mwawo. Saundi khadi ilibe polowera pa mahedifoni otere. Imagwira ntchito ndi mahedifoni a pulagi ya analogi, monga yozungulira ya 3.5 mm kapena ya 6.35 mm.

Yesani kaye phokoso. Tsegulani gemu yolemera, tsitsani mawu a m'gemumo kufika pa ziro, kwezani voliyumu ya Windows, kenaka yendetsani mausi ndi kutembenuza kamera. Mukamva kulira kopyapyala kumene kukusintha chithunzi chikamasintha, phokosolo likuchokera ku graphics card. Chotsani pulagi kutsogolo, muilowetse m'bowo lobiriwira la kumbuyo. Phokoso likatha, vuto linali nthambo ya m'kati ija ndipo simukusowa kugula kanthu. Likapitirira, saundi khadi ya kunja ikuthandizani.

Nkhani ya mphamvu ndiyo ikufunika kukhalapo nthawi, chifukwa anthu amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Pa bokosi la mahedifoni pamalembedwa impedance, imene imayezedwa mu ma ohm. Nambalayi imasonyeza mmene mahedifoni amakanizira magetsi kudutsa. Mahedifoni ambiri a magemu amakhala pa ma ohm 32 kapena chapomwepo, Sennheiser HD 560S ndi 120, Beyerdynamic DT 990 Pro yodziwika kwambiri ndi 250, HD 600 ndi 300. Mphamvu yofika ku mahedifoni imapezeka pochulukitsa voti ndi voti yomweyo n'kugawa ndi ma ohm. Bowo lotulutsa voti imodzi limapereka mamiliwati pafupifupi 31 ku mahedifoni a ma ohm 32, koma ku a ma ohm 300 limangopereka 3.3. N'chifukwa chake mahedifoni odula amamveka ofooka pa laputopu, voliyumu ili pa 100 koma bomba likaphulika osagunda pachifuwa. Ampulifaya yotulutsa mavoti 2 imakweza mphamvuyo kanayi, kufika pa mamiliwati 13, kumene ndi kuwonjezera ma dB 6 (dB ndi muyezo wa kukula kwa mawu). Choncho pa mahedifoni a ma ohm 250 kapena 300, funani saundi khadi imene opanga alemba poyera mphamvu imene imatulutsa pa ma ohm amenewo. Akangolemba kuti "imaliza mpaka ma ohm 600" osatchula mamiliwati, sanakuuzeni zokwanira. Onaninso sensitivity, nambala ya ma dB amene mahedifoni amatulutsa pa miliwati imodzi: mahedifoni a mtundu wa planar amatha kukhala ndi ma ohm ochepa koma n'kumafunabe mphamvu zambiri.

Mbali inayo ndi ya amene ali ndi timahedifoni tolowa m'khutu kapena mahedifoni osavuta kuliza. Ampulifaya yamphamvu imawabweretsera kaphokoso ka "sss" kosalekeza. Komanso pa batani lozungulira la analogi, voliyumu ikakhala pansi kwambiri khutu limodzi limatha kumveka kwambiri kuposa linzake. M'nyimbo zimenezi zimangotopetsa, koma mu gemu yowomberana zimakunamizani mbali imene mdani ali. Mankhwala ake ndi saundi khadi yokhala ndi switchi ya gain, yosankhira mphamvu ya ampulifaya, kuti muike pa low n'kukweza batanilo kufika pakati.

Pali nambala inanso imene ambiri saiyang'ana, output impedance, kutanthauza ma ohm a bowo lenilenilo lotulutsa mawu. Lamulo limene akatswiri amatsatira ndi lakuti isapitirire gawo limodzi mwa magawo 8 a impedance ya mahedifoni. Pa mahedifoni a ma ohm 32, bowo lisapose ma ohm 4. Ikakwera, besi imafufuma n'kuphimba timawu tating'ono monga mapazi ndi kusintha kwa zipolopolo mu mfuti. Mabowo ena a motherboard amafika pa ma ohm makumi angapo, pamene Sound BlasterX G6 ya Creative ili pa ohm imodzi. Kusiyana kumeneku kumamveka ndi khutu, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zomveka zogulira chipangizochi.

Tsopano maiki. Yang'anani pulagi ya mahedifoni anu. Ya mizere iwiri yakuda imanyamula mawu a makutu awiri okha. Ya mizere itatu, TRRS, imanyamulanso maiki. Ngati saundi khadi ili ndi mabowo awiri, la mahedifoni ndi la maiki, pulagi ya mizere itatu ikufuna nthambo yogawa pawiri, ndipo ikhale ya muyezo wa CTIA umene mahedifoni ambiri a masiku ano amatsatira. Mukapeza ya muyezo winawo, wa OMTP, maiki sigwira kapena mawu amamveka ngati akuchokera patali. Ma DAC ambiri opangidwira nyimbo alibe bowo la maiki n'komwe, ndiye werengani bwino musanalipire.

Ena amagula audio interface, chipangizo chojambulira mawu pa kompyuta, monga Focusrite Scarlett, poganiza kuti ndi saundi khadi yapamwamba. Ndi chipangizo chabwino, koma chinapangidwira maiki akuluakulu okhala ndi pulagi ya XLR. Kamaiki ka pa mahedifoni kamafuna mavoti ochepa, pakati pa 2 ndi 5, amene bowo la maiki la 3.5 mm limapereka. Interface imapereka mavoti 48, ndipo amenewa akadutsa pa adaputala wamba akhoza kuwotcha kamaikiko. Alipo maadaputala otsitsa mavotiwo, monga Rode VXLR+, koma ngati simukujambula mawu kapena kuulutsa magemu anu ndi maiki yaikulu, njira imeneyi ikungokuchulutsirani nthambo. Wosewera ndi anzake amapindula kwambiri ndi zinthu ziwiri zing'onozing'ono: batani losakaniza mawu a gemu ndi a anzanu pa Discord, ndi sidetone, imene imakubwezerani mawu anu m'makutu nthawi yomweyo kuti musamakuwe mutavala mahedifoni otseka.

Nanga 7.1 ija? Mahedifoni ali ndi timasipika tiwiri, ndipo saundi khadi siiwonjezera ena. Chimene imachita ndi kutsanzira mmene mutu ndi makutu zimasinthira mawu. Mawu ochokera kumanzere amafika ku khutu la kumanja mochedwerako ndiponso atafooka, ndipo mapindikidwe a khutu amasiyanitsa a kutsogolo ndi a kumbuyo. Masamu otsanzira zimenezi amatchedwa HRTF. Magemu monga Valorant ndi Counter-Strike 2 amachita okha masamu amenewa, ndipo amachita bwino kuposa saundi khadi chifukwa gemu imadziwa malo enieni a chinthu chilichonse, ngakhale cha m'mwamba kapena pansi, pamene khadi imangolandira njira zisanu ndi ziwiri zozungulira mutu. Mukayatsa HRTF ya gemu ndi 7.1 ya khadi nthawi imodzi, mawu amakonzedwa kawiri, amamveka ngati muli m'chipinda chopanda katundu, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo zimasokonekera. Yatsani chimodzi chokha. Gemu ikakhala ndi yake, zimitsani ya khadi ndi ya Windows. Ikakhala ilibe, ikani Windows ndi gemuyo pa masipika a 7.1 kuti khadi ilandire njira zonse. Mukasiya gemu pa stereo, khadi ingowonjezera kulira kwa chipinda. Kumbukiraninso kuti Windows Sonic, imene imatsanzira mawu ozungulira mu Windows, ndi yaulere, ndipo Dolby Atmos for Headphones ndi DTS Headphone:X zimagulidwa ngati mapulogalamu, zimagwira pa bowo lililonse. Kugula chipangizo chifukwa cha 7.1 yokha n'kulipira chinthu chimene muli nacho kale.

Manambala a kHz musataye nawo nthawi. Khutu la munthu limafika pa 20 kHz, ndipo 48 kHz (kutanthauza kuti mawu amayezedwa ka 48,000 pa sekondi), imene magemu ambiri amagwiritsa ntchito, imanyamula mawu mpaka 24 kHz. Mu Sound settings ya Windows ikani pa 24 bit, 48000 Hz, musiye pomwepo.

Amene mumaseweranso pa konsolo funsani bwino. PlayStation 5 ndi Nintendo Switch zimalandira zipangizo za muyezo wa USB Audio Class 1, pamene ma DAC ambiri atsopano ndi a Class 2. Ena ali ndi switchi yosankhira. Xbox silandira saundi khadi wamba pa USB, imafuna zovomerezeka ndi Microsoft. PlayStation 5 ndi Xbox Series X zonse zilibe bowo la optical, lotumiza mawu kudzera m'kuwala, choncho kulumikiza khadi mwa njira imeneyo kumadutsira pa TV. Pa kompyuta, Windows 10 idayamba kulandira Class 2 popanda driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) yapadera mu 2017, koma EQ (yokwezera kapena kutsitsira besi ndi mawu opyapyala paokhapaokha) ndi mabatani ena zimafunabe pulogalamu ya opanga, imene kawirikawiri siipezeka pa Linux.

Mukagula, lowetsani khadi pa USB ya kumbuyo kwa kompyuta, osadzera pa hub, kachipangizo kogawa bowo limodzi la USB. Bowo la USB 2.0 limapereka mavoti 5 pa 500 mA, ndipo mukaligawira kiyibodi yowala ndi kamera, khadi imayamba kuduladula. Mu Sound settings isankheni kukhala chipangizo chotulutsira mawu komanso cholankhulirana. Pa tsamba la Communications sankhani Do nothing, apo ayi Windows imatsitsa mawu a gemu ndi 80 peresenti ikaganiza kuti mwayamba kuyankhula pa foni. Mawu akamathetheka, zimitsani USB selective suspend mu Power Options, yesani bowo lina, ndipo zikapitirira pulogalamu ya LatencyMon idzakuonetsani driver imene ikuchedwetsa kompyuta, nthawi zambiri ya Wi-Fi kapena ya graphics card.

Phokoso lina limatsatira khadi ngakhale ili kunja, makamaka mukailumikiza ku masipika okhala ndi pulagi yawo pakhoma. Kumakhala kung'ung'uza kwa pansipansi kwa 50 kapena 60 Hz, chifukwa magetsi ochepa akuzungulira kuchoka pa kompyuta, kudzera pa nthambo ya mawu, n'kubwerera kudzera pakhoma. Lowetsani zonse pa ekisitenshoni imodzi. Zikakanika, gwiritsani ntchito USB isolator, kachipangizo kolekanitsa magetsi a kompyuta ndi a khadi, kapena nthambo ya optical imene imanyamula kuwala m'malo mwa magetsi, ngakhale siinyamula maiki. Musadule phini ya earth pa pulagi. Phokoso litha kutha, koma chitetezo chanu ku shoko chapita nalo.

Ampulifaya yatsopano imakopa dzanja kuti likweze voliyumu pofuna kumva mapazi, koma mfuti zimakwera limodzi nawo. Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuti asapitirire ma dB 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo ma dB 3 aliwonse owonjezera amadula nthawiyo pakati. Njira yabwino ndi EQ: tsitsani besi ya pansi pa 150 Hz ndi ma dB 3 kapena 4, kwezani pang'ono pakati pa 2 ndi 4 kHz, kenaka yesani mu gemu yanuyo, pakuti mapazi a gemu iliyonse amamveka mosiyana. Gemu ikakhala ndi night mode, iyatseni: imatsitsa mawu aakulu n'kukweza aang'ono, voliyumu ili pomwe inali.