Chombo chikavulala chili m'mlengalenga: mafunso ndi mayankho pa lamulo lounika chombo chisanabwerere, la NASA, bungwe la America loona za m'mlengalenga

Kodi lamuloli linabwera bwanji?

Linabwera anthu atafa. Pa 16 January 2003, chombo cha Columbia, chimodzi mwa zombo zotchedwa shuttle zomwe zinkapita m'mlengalenga n'kubwerera, chikunyamuka, chidutswa cha zokutira thanki yamafuta chinathothoka n'kumenya phiko lakumanzere. Pobwerera pa 1 February, mpweya wotentha unalowera pabala pomwepo, chombocho n'kuphwasukira m'mwamba mwa Texas. Anthu onse 7 anafa. Kuyambira pamenepo, NASA inalamula kuti shuttle iliyonse iziunikidwa isanabwerere.

Poti kumimba kwa chombo sikuoneka pawindo, ankaunika bwanji?

Mkono wa roboti unkanyamula ndodo yotalika mamita 15, kunsonga kwake kuli makamera ndi laser, n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono m'mphepete mwa mapiko ndi pamphuno. Kenako, patatsala mamita pafupifupi 180 kuti chifike pa ISS, siteshoni ya m'mlengalenga yomwe mumakhala anthu, chombo chinkadzigudubuza n'kuonetsa mimba kuti a m'siteshoni ajambule. Woyamba kuchita zimenezi anali Eileen Collins, akuyendetsa chombo cha Discovery, mu July 2005. Zithunzizo zinkapita ku Houston, ku Texas, kuti akatswiri a NASA akazipende.

Akapeza vuto, amakonza ndani?

Omwe ali m'chombomo. Paulendo womwewo, tizidutswa tiwiri totsekera mipata ya matailosi oteteza chombo kukutentha tinatumphuka kumimba. Stephen Robinson anatuluka atamangiriridwa mapazi kumkono wa roboti. Anatenga ndi kasowo komwe, koma sanakagwiritse ntchito: anangotsomphola ndi zala.

Ndiye bala lililonse limamatidwa?

Ayi, ndipo apa m'pamene lamuloli lili ndi nzeru. Mu August 2007, shuttle ya Endeavour inakumbika pamatailosi. Akatswiri atayesa, anaona kuti kutumiza munthu wovala chisuti cholemera pafupi ndi matailosi osachedwa kuphwanyika kukanangowonjezera mabala. Anaisiya choncho, ndipo inatera bwinobwino.

Nanga zikakanika?

Anthu ankayenera kudikira mu ISS mpaka chombo china chidzawatenge. Mu May 2009 shuttle ya Atlantis inapita kukakonza Hubble, chipangizo choonera nyenyezi chomwe chili m'mlengalenga kutali ndi ISS, komwe kunalibe pothawira, choncho Endeavour inangokhala chire pamalo onyamukira.

Ma shuttle anasiya kuuluka mu 2011. Zimenezi zinatheranso pomwepo?

Sizinathe. Mu December 2022, chombo cha Russia cha Soyuz MS-22 chinataya madzi oziziritsira chili pa ISS. Russia inatumiza MS-23 yopanda anthu mu February 2023, ndipo Frank Rubio wa ku NASA, yemwe anapitako pa MS-22 ndipo ankayembekezera kukhalako miyezi 6, anatha masiku 371.